Diso Loyera la Kachiwala

Situdiyo ya zithunzi ija inali ndi zipinda ziwiri, koma anthu ankadziwa chimodzi. Chakutsogolo chinali cha magetsi owala, chinsalu chachikulu chojambulidwa mapiri amene palibe anakwerapo, ndi mpando wagolide wabodza umene mwendo wake umodzi unali womangidwa ndi waya. M'menemo munali mwa bambo amene aliyense ankamutchula kuti Mwetulirani, chifukwa ndiwo anali mawu ake kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ngakhale kwa munthu amene wabwera kudzajambulitsa chithunzi cha chiphaso dzino likumuwawa. Chipinda chachiwiri chinali kuseri kwa chinsalu chija. Chinali chothina, chopanda zenera, chonunkha inki ndi fumbi lotentha la kompyuta, ndipo m'menemo munkakhala mlongo wake wamng'ono, Salaza.

Dzinalo anamupatsa ndi makasitomala, poti ntchito yake inali yosalaza nkhope. Mwetulirani akajambula ankasolola khadi mu kamera, kuliponya patebulo la mlongo wake, iye n'kubwerera kukaseka ndi anthu. Zotsalazo zinali za Salaza. Ankatsegula chithunzi, kuchikulitsa mpaka mphuno ya munthu idzaze sikirini yonse, n'kuyamba ntchito mwakachetechete: ziphuphu kuchotsa, thukuta lapachipumi kupukuta, mano kuyeretsa, kolala yopindika kuwongola, ntchentche yomwe yatera paphewa la mkwati kuithamangitsa. Dzanja lake pa mausi ya kompyuta linali lopepuka moti sukanadziwa pomwe ladutsa.

Anthufe ndife abodza, ndipo manyazi tinawataya kalekale. Bambo amalowa ndi mimba imene waikulitsa yekha zaka zonsezi, n'kuuza mayi wosalakwa kuti, "Iyi muichepetseko pang'ono." Mtsikana amafuna khungu liyere mpaka amayi ake omubereka amudutse pamsewu osamuzindikira. Akachilandira chithunzicho amachiyang'anitsitsa n'kugwedeza mutu, amvekere, "Eya, ine ndiye ameneyu." Salaza sankatsutsa munthu. Ankati pagalasi aliyense amazunzika kale mokwanira, ndiye pachithunzi bola apumeko.

Ntchitoyi sanachite kuisankha. Anafika pa situdiyo ya mchimwene wake akadali mtsikana, kamwana kakakazi kali kumbuyo, mwamuna atapita ndi wina. Nthawi imeneyo zithunzi zinali zotsuka ndi mankhwala, ndipo iye anapatsidwa kaburashi kakang'ono koti azidonthezera utoto pomwe fumbi lasiya timadontho toyera. Kompyuta itabwera anaiopa kwambiri. Ankaifunditsa nsalu n'kumaidutsa cham'mbali. Chimene chinamukhazika pampando ndi chithunzi chake chaukwati. Anamva kuti pulogalamu yokonzera zithunzi ikhoza kuchotsa munthu wathunthu, ndiye anati tiyambe ndi uyu. Anachotsa mutu, suti, nsapato, zonse, koma dzanja la bamboyo linatsala paphewa pake lokhalokha, wotchi ili pamkono. Mwetulirani anaseka mpaka kukhala pansi. Choipa chinali chakuti Salaza anali atasunga chokonzacho pamwamba pa choyambirira cha mu kompyuta, chapepala anali atachiwotcha kale ndi mkwiyo atangochikopera, ndiye pobwerera panalibe.

Kuyambira tsiku limenelo anakhala ndi malamulo awiri. Loyamba linali lakuti chithunzi chochokera mu kamera, chimene iye ankachitchula kuti chachiwisi, sichikhudzidwa ndipo sichifufutidwa. Ankachikopera kaye, n'kukonza chokoperacho, chachiwisi n'kuchiika mu foda yakeyake. Lachiwiri linali lakuti chachiwisi sichituluka m'chipindamo, chotuluka ndi chakupsa chokha. Pa lamulo lachiwirili sankaseka ndi munthu, ngakhale kasitomala atati basi ikumusiya.

Zaka zinapita, magalasi ake anakhuthala, phewa lakumanja linayamba kumuwawa kukazizira. Pamsewu ankakumana ndi anthu amene iye ankawadziwa mpaka tsitsi la m'mphuno, ambiri a iwo osadziwa n'komwe kuti mayi wanyamula jumbo la tomato uyu ndiye anawapatsa mano oyera aja apachika pabalaza. Ntchito inamulowa m'maso. Ukamalankhula naye sankayang'ana pakamwa pako, ankayang'ana kachiphuphu kako ka pachibwano, chala chake chikudina m'malere osadziwa. Kwa iye chilichonse chosakhala bwino pankhope ya munthu chinali cholakwika cha kamera, cha kuwala kapena cha tsikulo, ndipo cholakwika chimakonzedwa.

Kamwana kanali kumbuyo kaja kanakulira pansi pa tebulo la kompyuta, kanalimbikira sukulu, n'kukhala namwino. Ntchito anaipeza ku chipatala cha mzinda wakutali, kuchipinda cha ana. Naye anabereka mwana wamkazi, koma mashifiti ake sankalola kulera, choncho mwanayo atasiya kuyamwa anabwera kwa agogo ake. Ndiye Kachiwala ameneyo. Sankayenda ngati anthu, ankadumpha, ndipo ankagunda chilichonse: chitseko, mpando wagolide, miyendo ya magetsi a Mwetulirani. Akagwa ankadzuka yekha n'kudumphanso.

Loweruka lililonse makasitomala akachepa, Mwetulirani ankamukhazika pampando uja n'kumujambula, Salaza n'kukonza, n'kutumiza kwa mayi wake pa foni. Apa ndiye ankaikapo mtima wake wonse. Mamina ankapukuta, polumidwa ndi udzudzu ankasalaza, bondo lokandika ankalibwezera khungu. Ankadziwa kuti mayi amene ali kutali akaona kachilonda kakang'ono sagona, amayamba kufunsa za basi. Namwinoyo nthawi zina ankaseka pa foni. "Amayi, mwana wangayu sada? Kapena mumamusunga m'kabati?" Salaza ankayankha kuti mwana ali ndi agogo aukhondo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Panali kanthu kamodzi kamene kankamutopetsa. Aliyense wa ntchito imeneyi amadziwa kuti fulashi ya kamera ikawalira m'maso, kamwana ka diso kamatuluka kofiira. Imeneyo si nkhani, pulogalamu ili ndi batani lake, ukadina kamodzi kufiira kwatha. Koma diso lakumanzere la Kachiwala silinkafiira. Linkatuluka loyera, mwina lachikasu pang'ono, ngati la mphaka akaunikidwa ndi galimoto. Osati pa zithunzi zonse, koma kawirikawiri. Batani lija linkakana, poti linkafufuza kufiira osakupeza. Salaza ananyoza magetsi a mchimwene wake, mchimwene wake ananyoza sikirini ya Salaza, anakangana, anasintha babu, koma diso linkayerabe. Pomaliza anapeza njira yakeyake. Ankakopera kamwana ka diso lakumanja, kukatembenuza, kukakhazika pa lakumanzere, n'kuwonjezera kadontho kowala pakona kuti diso lioneke lamoyo. Inali ntchito yaluso, ndipo kunena zoona ankainyadira.

Tsiku limene Kachiwala ankakwanitsa zaka zitatu, magetsi anathima kuyambira m'mawa. Kompyuta inali zii. Namwino uja kuntchito kwake ankangotumiza mauthenga: chithunzi chili kuti, ndikufuna ndimuone mwana wanga. Mwetulirani anali munthu wosapirira kupemphedwa kawiri. Anatenga foni yake m'chipinda chamdimacho, mwana ali pampando ndi keke pamiyendo, anati "mwetulira," foni inang'anima, n'kutumiza pomwepo. Salaza sanaone. Anali panja akutsuka makapu, ndipo foni yake inalira asanapukute n'komwe manja.

"Amayi, Kachiwala ali pomwepo?"

"Ali pano, wadzipaka keke mpaka m'makutu. Moni wamusiya kuti lero?"

"Chithunzi chomwe anditumizira amalume, mwachiona? Diso lakumanzere."

Salaza anasuzumira m'kati n'kumuyang'ana mchimwene wake moti bamboyo anayamba kupukuta kamera yoyera kale. Chimene chinayamba kumugwira Salaza ndi manyazi, osati mantha. Chachiwisi chinali chitatuluka.

"Iwe, ndi fulashi imeneyo. Amalume akowa sadziwa kudikira. Magetsi akabwera ndikonza, ndikutumizira chabwino."

"Musakonze." Mawu a mwana wake anali atasintha. Anali mawu a kuntchito, odekha mopitirira. "Amayi, khalani pansi mundimvetsere. Diso la mwana likamayera choncho pachithunzi, amafunika kuonedwa ndi dokotala wa maso msanga. Nthawi zina si chachikulu. Koma nthawi zina chimakhala chotupa m'kati mwa diso, ndipo chimenecho sichidikira munthu. Chikakhalitsa chimatenga diso, chikapitirira chimatenga mwana. Kuntchito kwathu chithunzi chotere chili pakhoma, ndimachidutsa m'mawa uliwonse."

Salaza anakhala pa sitepe, thovu la sopo likuuma m'manja.

"Koma musaope," namwinoyo anapitiriza. "Ndayang'ana zithunzi zonse zomwe mwakhala mukunditumizira, zonse, mpaka cha Loweruka lapitali. Diso ndi lakuda bwinobwino. Ndiye kuti zayamba kumene, tazigwira msanga. Ndikukwera basi yamadzulo ano, mawa m'mawa tipite naye limodzi. Mwandimva, amayi?"

"Ndamva," anatero Salaza.

Magetsi anabwera dzuwa litapendeka. Kompyuta inachedwa kuyaka monga mwa masiku onse, koma tsiku limenelo Salaza ankalakalaka isayake n'komwe. Anatsegula foda ya zaziwisi n'kuyamba ndi cha Loweruka lapitalo. Loyera. Cha Loweruka la kumbuyo kwake, loyera. Anabwerera mwezi wina, kenako wina, akufulumira moti ankatsegula maukwati a eni ake n'kutsekanso. Kachiwala ankacheperachepera pa sikirini. Diresi lachikasu lomwe tsopano linkamuthina linakhala lomukwana, kenako lalikulu. Tsitsi linafupika. Diso lija linali pomwepo, likumuyang'ana. Anafika pa chithunzi chimene mwanayo anaimirira atagwira mwendo wa mpando wagolide, masiku amene anali atangobwera kumene kuchokera kwa mayi wake. Pamenepo kuyerako kunali kochepa, kachigamba m'mphepete basi. Ndiye kuti chinthucho chinakula iye akuona, sabata ndi sabata, atachikulitsa mpaka kudzaza sikirini, n'kumachiphimba ndi dzanja lake lomwe.

Mantha amene anamugwira sanali okuwitsa munthu. Anangomva kuzizira m'chipinda chimene chaka chonse chimatentha. Anayamba kukumbukira zinthu zimene ankaseka nazo. Mwana ankagunda chitseko, inde, koma ndi mbali iti? Akamaonera makatuni ankapendeketsa mutu, iye ndi mchimwene wake n'kumati akuyang'ana ngati nkhuku. Ukamupatsa kapu kuchokera kumanzere ankadzidzimuka, iwo n'kumati ndi chibwana. Ngakhale dzina lomwelo la Kachiwala linayamba kumuwawa m'kamwa.

Mwetulirani anali ataima kumbuyo kwake. Kenako anakoka chinsalu kuti mwana asamve.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "zimenezi tikuzidziwa anthu awiri, inu ndi ine."

"Ndiye?"

"Ndiye dokotala ali ndi makina ake, akaona yekha. Mukanena, mukuganiza kuti mwana wanuyo adzakuyang'ananinso kumaso? Amutenga Kachiwala, ndipo simudzamuonanso ngakhale pachithunzi."

"Nanga akakafunsa kuti zinayamba liti, achimwene?"

"Mukati simukudziwa. Ndife ojambula ife, si madokotala." Anadzipukuta kumaso ndi chikhatho, ndipo chikhathocho chinachedwa kuchoka. "Inenso ndinkaliona diso limeneli mu kamera. Ndinakagula babu."

Salaza anasankha zithunzi zonse za Kachiwala mu foda ija, ndipo chala chake chinapita pa batani lofufutira. Kompyuta inafunsa funso lake lopusa lija, loti kodi mukutsimikiza. Kunja kwa chinsalu mwana ankaimba nyimbo yopanda mutu, akukoka mpando. Salaza anakhala nthawi yaitali akuyang'ana funsolo. Sikuti anali wolimba mtima, ayi. Ankaopa mbali zonse ziwiri, ndipo sankadziwa kuti mantha aakulu ndi ati. Anadina kukana, n'kuyatsa pulinta. Anasindikiza chimodzi pa mwezi uliwonse momwe zinalili, mamina ndi zipsera zomwe, anaziika mu envulopu, envulopu m'chikwama. Ankadziuza kuti kunyamula si kuonetsa.

Madzulo amenewo kunyumba anamusambitsa mwanayo monga mwa nthawi zonse, m'beseni lapulasitiki, koma sopo anamupulumuka kangapo. Pomupukuta kumaso anaima, thaulo lili m'manja, n'kuliyang'anitsitsa diso lija. Popanda fulashi silinkaonetsa kanthu. Ankafunafuna poyambira, ngati kuti pali pena pake poti angagwire n'kukonza, koma panalibe. Kachiwala anaganiza kuti ndi masewera, anatuzula maso ake onse awiri n'kuseka, ndipo agogo ake anayenera kuyang'ana kumbali.

Namwino anafika m'mawa maso ali psuu ndi ulendo, ndipo sanavule n'komwe nsapato. Ananyamula mwana wake, kumupsompsona, n'kumutembenuzira kuwala kwa pakhomo.

"Mwaona, silikuoneka n'komwe," anatero, akudzilimbitsa yekha. "Koma amayi, inu ndi amene mukuoneka odwala. Mwagona?"

Salaza anati mutu ukumuwawa. Mu minibasi anakhala chikwama chili pamiyendo, manja onse awiri pamwamba pake. Kangapo anatsegula pakamwa kuti anene, koma nthawi iliyonse mwana wake ankakhala akuonetsa Kachiwala magalimoto pawindo, nkhope ziwirizo zitagundana, ndipo Salaza ankatsekanso. Ankati ndinena tikatsika. Atatsika anati ndinena tikalowa.

Kuchipatala cha maso benchi inali yaitali ndi yozizira. Panali agogo ena a magalasi akuda, bambo wina wophimbidwa diso ndi thonje, ndi mayi wina amene mwana wake wamkazi anali ndi bandeji kuzungulira mutu. Salaza anayesetsa kusamuyang'ana mwanayo, koma maso a ntchito samva. Ankangopita pomwepo, pa mbali imene bandejiyo inali yophwatalala kuposa inzake. Kachiwala ankadumpha matailosi limodzilimodzi, ndipo anagunda chidebe cha zinyalala ndi phewa lakumanzere.

Dokotala anali mayi wachichepere, wolankhula pang'onopang'ono. Anawakhazika pansi, anapatsa mwana kachidole, n'kutenga cholembera.

"Munayamba kuliona liti loyera?"

"Dzulo," mayi wa Kachiwala anayankha msanga, n'kupereka foni yake. "Ichi ndi cha dzulo. Koma taonani zam'mbuyozi, adokotala, ndili nazo za sabata iliyonse. Monsemu lili bwinobwino."

Dokotala anayendetsa chala pa foni, chithunzi ndi chithunzi, akukulitsa diso. "Zimenezi zitithandiza kwambiri," anatero. "Makolo ambiri sakhala ndi umboni wotere. Ngati sabata yapitayi linali chonchi, ndiye kuti..." Sanamalize, anayamba kulemba.

Salaza anayang'ana cholembera chikuyenda. Ntchito ya manja ake inali ikulowa pa pepala la chipatala, ndipo wina adzaliwerenga pepalalo n'kusankha zochita ndi diso la mwana, kufulumira kapena kudikira, potengera diso limene iye analikopera kuchokera kumanja. Zipi ya chikwama inalira kwambiri m'chipinda chacheteyo.

"Adokotala, musalembe kaye."

Onse awiri anatembenuka.

"Zimenezo ndi zakupsa," anatero Salaza, n'kuona kuti palibe wamva. "Ndikuti ndi zokonza. Ine ntchito yanga ndi yokonza zithunzi pa kompyuta. Diso limenelo ndinkalikonza ndine. Zenizeni ndi izi."

Anaziyala patebulo kuyambira chakale. Chimodzi chinagwa pansi, dokotala n'kutola yekha. Namwino anaimirira, anawerama, n'kuyamba kuziyang'ana chimodzichimodzi. Anali akumuona mwana wake wa miyezi yonseyo kwa nthawi yoyamba: chipsera cha pachibwano chimene sanauzidwepo, milomo yong'aluka ya nyengo yozizira, bondo lokandika, ndi diso lija, kachigamba kakukula chithunzi ndi chithunzi mpaka kudzaza kamwana konse ka diso. Anayang'ana foni yake, n'kuyang'ananso patebulo.

"Amayi," anatero ndi mawu otsika, "chimodzi chokha. Mukanangonditumizira chimodzi chokha momwe chinalili."

"Ndinkati ndi fulashi, mwanawe. Ndinkafuna uzigona."

"Ine ana a eni ake ndimawaona tsiku ndi tsiku. Wanga ndinkaona chojambula chanu."

Sanakuwe, ndipo Salaza akanakonda akanakuwa. Dokotala anakhwatcha zomwe analemba zija. Ananyamula foni yapatebulo n'kuuza wina wake kuti akufuna makina ounikira lero lomwe, osati sabata yamawa, ena ayambe adikira. Atatsitsa foniyo anatembenukira kwa Kachiwala ndi nkhope yosekerera, ngati sipanachitike kanthu.

"Iwe, umadziwa chibisalirano? Tiye tisewere. Agogo agwade apa kutsogolo kwako, asalankhule. Ine nditseka diso limodzi, iwe uwapeze."

Salaza anagwada pansi, mawondo akulira. Dokotala anaphimba diso lakumanzere ndi chikhatho. Kachiwala anaseka pomwepo n'kugwira mphuno ya agogo ake.

"Awa!"

"Wawina. Tsopano linalo."

Chikhatho chinasamukira ku diso lakumanja. Lakumanzere linatsala lotsegula, lakuda, lonyezimira, litalunjika kumaso kwenikweni kwa Salaza. Kuseka kunayamba kuzilala. Mwana anatembenuza mutu uku ndi uku, anatambasula dzanja m'malere, n'kuphonya tsaya la agogo ake pang'ono pokha. Mlomo wam'munsi unayamba kunjenjemera.

"Amama," anatero ndi timawu tating'ono, "agogo apita kuti?"

Salaza anali pomwepo, pafupi moti mpweya wa mwanayo unkamufika kumaso, ndipo anali atauzidwa kuti asalankhule.